Kudikira Mwera pa Zilumba za Bazaruto

Ambiri a ife tinakulira kumapiri a Angónia, ku Milange kapena m'mbali mwa Nyanja ya Niassa, kutali ndi nyanja ya mchere. Koma mphepo ya mwera timaidziwa. Msodzi wa ku Metangula akaona kuti yayamba, amakokera bwato lake pamchenga nakhala pansi kusoka maukonde. Nzeru yomweyi ndi imene imasunga moyo wa alendo amene amazungulira dziko lapansi pa ngalawa zazing'ono za matanga, zotchedwa yacht, pamene afika kugombe la Mozambique.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ngalawa zimenezi zimachoka ku Madagascar kulinga ku Richards Bay, doko la ku South Africa. Zambiri ndi zautali wa mamita 12 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo m'katimo mumakhala anthu awiri kapena banja limodzi. Nyengo ikaipa panjira, amathawira ku Inhaca, ku Inhambane, kapena ku Bazaruto, pafupi ndi Vilankulo.

Bazaruto ndi chachikulu mwa zilumba zisanu. Zinazo ndi Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Malowa anakhazikitsidwa kukhala otetezedwa m'chaka cha 1971, ndipo m'madzi ake mumakhala dugong, nyama yofatsa yodya udzu wa pansi pa nyanja. Kum'mawa kwa chilumbachi kuli mapiri a mchenga amene amatchinga mafunde aakulu. Kumadzulo kwake madzi ndi osaya, odzala ndi michenga yobisika. Kumeneko ndiko amaponya nangula.

Chimene amaopa n'chiyani? Kum'mwera kwa Mozambique, m'kati mwa nyanja muli madzi oyenda ngati mtsinje, otchedwa Agulhas, amene amathamangira kum'mwera, nthawi zina makilomita 8 pa ola. Mwera ukawomba molimbana ndi madziwo, mafunde amaimirira ngati zipupa. M'mwezi wa Julayi 1909 sitima yaikulu ya Waratah inachoka ku Durban ndi anthu 211, ndipo kufikira lero sinaonekenso. Tsono kangalawa ka anthu awiri kangalimbe bwanji? Kuchoka ku Bazaruto kukafika ku Richards Bay ndi makilomita pafupifupi 900, ulendo wa masiku anayi, pamene mwera umabwerabwera patangopita masiku owerengeka. Chotero mwini ngalawa ayenera kupeza mpata pakati pa mwera wina ndi unzake.

Wina angaganize kuti kudikira ndi kupuma, koma si choncho. Mphepo isanafike amatsitsa unyolo wa nangula wotalika kasanu kapena kuposa kuya kwa madzi, amakulunga matanga nawamanga zolimba, nachotsa pamwamba chilichonse chimene chingauluke. Popeza madzi a kumeneko amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, pali maola ena pamene madzi amakokera uku, mphepo n'kumakankhira uko. Ngalawa imapingasa n'kuyamba kugwedezeka, mbale n'kumagundana m'kabati. Usiku amagona mosinthana. Wokhala maso amayang'ana nyali za ngalawa zinzake ndi makina a GPS, pakuti nangula akazuka mumdima, ngalawa imatha kukatitimira pamchenga kapena kukagunda inzake.

Masana ntchito sizitha. Amasoka thanga pamene lang'ambika, amayang'ana zingwe za mlongoti, amasintha mafuta a injini. Madzi akumwa amayesedwa ndi kapu, mbale zimatsukidwa ndi madzi a mchere, magetsi amachokera ku dzuwa ndi mphepo. Ndiwo zamasamba zikatha, chakudya chimakhala mpunga, nyemba, zam'zitini ndi buledi wophika okha, kupatula tsiku limene asodzi a pachilumba abwera ndi nsomba zogulitsa. Ana amaphunzira patebulo lomwe amadyera. Malo ndi ochepa kotero kuti mwamuna ndi mkazi akasemphana mawu palibe kotulukira. Ayenera kukambirana pomwepo.

M'mawa uliwonse amalandira uthenga wa zanyengo kudzera pa wailesi kapena pa setilaiti, kenaka eni ngalawa amaitanana pa wailesi kufunsana maganizo. Apa ndipo pagona yeso lalikulu. Kuchedwa nako kuli ndi ngozi yake, pakuti nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala kufikira mu Epulo, ndipo Bazaruto si pobisalira namondwe. Tonse tikukumbukira Freddy, amene anatera pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023. Choncho munthu amakhala pakati pa mantha awiri: kunyamuka msanga n'kukumana ndi mwera panjira, kapena kukhalitsa n'kupezedwa ndi namondwe. Ngalawa imodzi ikazula nangula, otsalawo mtima umawawawa, n'kumafuna kutsatira ngakhale kuti yawo ndi yochedwa kuyenda. Koma mpata wokwanira ngalawa yothamanga sukwanira yoyenda pang'onopang'ono, ndipo aliyense ayenera kuwerengera yekha maola ake.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwera ukatopa, mphepo imakhotera kum'mawa, kenaka kumpoto. Pamenepo amadikira madzi adzaze kuti adutse bwino pa michenga, nazula nangula. Ngati panjira uthenga usintha, amakhotera ku Inhambane kapena ku Inhaca, n'kuyambanso kudikira, ndipo palibe wamalinyero wodziwa ntchito amene amachita nazo manyazi.

Kwa munthu woima pagombe, ngalawa zimene zaima kuseri kwa Bazaruto zimaoneka ngati za anthu ongocheza. Koma m'kati mwake muli anthu amene sagona tulo tokwanira, amene akuyesa madzi ndi kapu ndi kuwerenga masiku, chifukwa adziwa kuti kuthamanga si kufika.