Kalata kwa mphwanga: banja la Mopane Clarke ndi dambo la Kafue

Wokondedwa mphwanga,

  Unandifunsa pa foni kuti zinatheka bwanji kuti pakati pa paki ya Blue Lagoon pakhale nyumba yakale ya pafamu. Ndaona kuti ndikulembere, chifukwa nkhaniyi inayambira kutali, pa doko lina la mtsinje wa Zambezi.

M'chaka cha 1898 mzungu wina, F. J. Clarke, anamanga msasa pa Old Drift, kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pamenepo ndi pomwe ngolo zochokera ku Bulawayo zinkathera ulendo, katundu n'kuwolotsedwa pa mabwato. Clarke anaonapo ndalama. Ankalandira katundu wa anzake, kumuwolotsa ndi kumutumiza kumpoto, ndipo anatsegula sitolo ndi kahotela. Anthu ankamutchula kuti Mopane. Amati dzinali anam'patsa ndi Lobengula, mfumu ya Amandebele, pomufanizira ndi mtengo wa tsanya, wautali, woongoka ndi wouma mtima. Malungo pa Old Drift anali osaneneka. Manda a azungu amene anafera pomwepo alipo mpaka lero, koma mayina a amuna amene ankapalasa mabwatowo sudzawapeza pa miyalayo.

Mlatho wa pa mathithi utatha mu 1905, ntchito ya mabwato inazilala. Azungu anasamukira kumtunda, kumene kunamangidwa tauni ya Livingstone, ndipo Clarke anapitiriza malonda kumeneko ndi kampani yake ya Zambezi Trading Company. Njanji sinaime. Mu 1906 inawoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho wachitsulo uja umauona ukamalowa m'tauni yathu ya Kafue kuchokera kumwera, wa zigawo 13, wotalika kupitirira mamita 400. Tauni yathu inamera pambali pa siteshoni. Kampani ya British South Africa, imene inkalamulira dziko nthawiyo, inkagulitsa malo a m'mbali mwa njanji kwa azungu pa mtengo wozizira. Clarke anatsata njanjiyo, n'kudzakhazikika ku Chikupi monga mlimi wa ng'ombe. Masiku amenewo Kafue anali likulu la alimi achizungu, moti chiwonetsero cha zaulimi chimene lero timapitira ku Lusaka chinkachitikira konkuno chisanasamuke.

Apa ndifuna undimvetse bwino, mphwanga, chifukwa mabuku ambiri amadumphapo. Dambo la Kafue silinali lopanda eni. Aila, Atonga ndi Asala ankatsikira nazo ng'ombe zawo kudambo madzi akaphwa, n'kukwera nazo kumtunda mvula ikayamba. Abatwa ankakhala m'madzi momwemo, akupha nsomba. Waya wa minga utazingidwa, njira zina za ng'ombe zinatsekeka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma linadula malire, nthaka yabwino ya pafupi ndi njanji n'kukhala ya azungu, eni dziko n'kukankhidwira m'madera amene anawapatulira. Msonkho nawo unkafuna ndalama, ndipo ndalamazo zinali pafamu. Ndi msonkho womwewo umene unachotsa anthu akwathu ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndi ku Nyasaland, kudzakhala abusa, ophika ndi akapitawo. Agogo athu anabwera choncho, wapansi, atanyamula bulangeti ndi kampoto, n'kukaweta ng'ombe za mzungu wina kufupi ndi njanji. Ukamva Chinyanja pamsika wa Kafue, dziwa kuti china chinafika ndi anthu ngati iwowo. Ife tomwe ndife zidzukulu za nkhaniyi, ngakhale palibe anatilemba pa mtengo wa banja la Clarke.

Tsopano za nyumba ija. Mwana wamkazi wa Clarke, Erica, anakwatiwa ndi Ronald Critchley, msilikali wa ku Britain amene anamenya nkhondo ku Ethiopia pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Awiriwa anakhala pa famu ya Blue Lagoon, kumpoto kwa dambo. Iwo anatembenuka mtima pa nkhani ya nyama zakutchire. Alimi ambiri ankaona nyama ngati zolanda msipu wa ng'ombe, koma a Critchley anazisiya nyama za lechwe, zimene mtundu wake supezeka kwina kulikonse koma pa dambo la Kafue, kuti ziswane mwamtendere. Anakhalanso m'gulu la atsogoleri a bungwe la Wildlife Conservation Society m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1970 famuyo inapita m'manja mwa boma n'kukhala paki, monga zinachitikiranso ku Lochinvar, tsidya lina la mtsinje, komwenso kunali famu ya ng'ombe.

Ine ntchito ya mayi Erica ndimailemekeza ndi mtima wonse. Bambo ake anabwera kudzapeza chuma, iye n'kusiya chinthu chimene ana ako akhoza kukachiona ndi maso. Komabe mtima wanga sukhazikika ndikaganiza kuti malowo anachoka pa famu n'kukhala paki osabwerera kumidzi. Mpaka lero msodzi ndi mbusa wa ng'ombe amakangana ndi alonda a nyama pa dambo limene makolo awo ankayendamo popanda chiphaso.

Mabanja ambiri achizungu anachoka ufulu utabwera mu 1964, makamaka lamulo la 1975 litathetsa umwini wamuyaya wa malo, aliyense n'kukhala wobwereka ku boma kwa zaka 100. Ena anatsala, natenga unzika wa Zambia, ndipo zidzukulu zawo zikulimabe ku Mazabuka ndi ku Chisamba. Kafue nayenso anasintha nkhope: kunabwera fakitale ya nsalu ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, anthu n'kusiya mafamu kukalowa ntchito ya mashifiti. Dambolo linasinthidwa ndi madamu awiri a magetsi, la Kafue Gorge kumunsi ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda. Madzi sasefukiranso pa nyengo yake ngati kale, udzu wasintha, ndipo lechwe zachepa kwambiri, ngakhale dambolo linalembedwa mu 1991 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mkulu wako,
ku Kafue