Usadikire Kulemera Kuti Uyambe Kupatsa

Mwana wanga wokondedwa,

Mawa ukukwera basi ya ku Blantyre kukayamba maphunziro a unamwino. Za kulimbikira sukulu ndi kudzisunga, bambo ako anena kale, ndipo mawu awo ndi anga omwe. Ine ndikuwonjezera chimodzi: usadikire kulemera kuti uyambe kupatsa.

Ukudziwa mmene timakhalira kuno ku Ntcheu. Pakagwa zovuta, wina amabwera ndi mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni, atsikana amatunga madzi, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu awo. Palibe wabweretsa chachikulu, koma siwa yonse imadya, anamfedwa osagwira kanthu. Pa njala ya 2002, iwe usanabadwe, anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Agogo ako ankaphika phala lamadzimadzi n'kugawira mwana aliyense wopezeka pabwalo, osafunsa kuti uyu ngwa yani. Chimanga cha thandizo chinabwera ndithu, koma ana ena chinawapeza ali moyo chifukwa cha phala limenelo.

Kumene ukupitako anthu ndi ambiri, koma abale ndi ochepa. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumafika odwala otumizidwa kuchokera ku Nsanje, Phalombe, Mwanza ndi maboma ena. Mayi wodikira wodwala amanyamuka ndi ufa wa sabata imodzi, n'kupezeka watha mwezi. Sopo wamuthera, mayunitsi amuthera, kwawo sakudziwa ngati mwana akupezako bwino. Amupatsa kapepala kuti apite nako ku labu, iye sakudziwa n'komwe kuti labuyo ili mbali iti, ndipo akuopa kufunsa. Munthu wotereyu usamulozere ndi chala, muperekeze mpaka pakhomo. M'bwereke foni aimbe kumudzi. Ukagula sopo wochapira, dulako chidutswa. Agogo amene sanamve kamwedwe ka mankhwala, uwafotokozerenso mofatsa, ngakhale kachitatu, mwaulemu womwe umalankhulira ndi agogo ako. Zonsezi mwana wa sukulu angathe, ngakhale m'thumba muli mbee.

Uli ndi mphatso inanso imene sigulidwa pamsika: magazi. A bungwe la Malawi Blood Transfusion Service akabwera kusukulu kwanu, ngati thupi lili bwino, usabisale. Amatenga osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Magaziwo amakapulumutsa mayi amene wataya magazi pobereka kapena mwana amene malungo amutha magazi. Amasowa kwambiri sukulu zikatsekera, pakuti opereka ambiri ndi ophunzira. Amene adzalandire magazi ako sudzamudziwa, iyenso sadzakuthokoza, ndipo kupatsa kumeneko ndiye kwenikweni.

Ukamadutsa ku Chilobwe, uzikumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Thandizo la boma ndi la mabungwe lisanafike, anali anansi amene anafukula anzawo ndi makasu ndi manja. Kumisasa ya m'masukulu anthu wamba anapititsa zitenje, mabulangete, ndowa ndi mapoto a m'nyumba mwawo. Ambiri a iwo analibe zotsala. Anagawa zomwe ankagwiritsa ntchito.

Tsono mvetsera za kaperekedwe, pakuti mphatso ikhoza kuvulaza. Mnzako wa m'chipinda akakhala kuti sanadye, usamufunse pagulu ngati ndalama zamuthera. Ingonena kuti waphika zambiri, akuthandize kudya. Usajambule munthu pa tsiku la umphawi wake kuti ukamuike pa Facebook. Njala yake idzatha mawa, koma chithunzicho chidzatsala. Ndipo ukapereka, iwala. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo sananame, koma iwe usamakhale ukuwerenga zimene unaika ndi kudikira tsiku lokatenga. Ena amene udzawathandize adzakudutsa pamsewu osakupatsa moni. Zidzakupweteka, ndikudziwa. Usalole kuti munthu mmodzi wosayamika atseke dzanja lako kwa amene akubwera pambuyo pake.

Kupatsa kulinso ndi malire ake. Ndalama ya fizi si yako yogawa. Ndi thukuta la bambo ako ndi amalume ako. Usalowe m'katapila pofuna kuoneka wachifundo. Mankhwala ndi zipangizo za chipatala ndi za odwala onse, sungachitire nazo ufulu kwa amene wakukomera mtima. Wodwala ukamuthandiza, usamuyang'ane m'manja, ngakhale ya fanta. Ukaona kuti pempho lakukulira kapena wina akukudyera masuku pamutu, kana mwaulemu, mtima uli m'malo. Tsiku lina wosowa udzakhala iweyo. Mnzako akadzakugawira, landira ndi manja awiri, usamumane chimwemwe chimene iwe umachipeza popatsa.

M'thumba lako ndaikamo nyemba ndi kachewere wa ku Lizulu woposa amene ungadye wekha. Ndachita dala. Ukafika, yang'ana pakati pa anzako amene wabwera chimanjamanja, uyambire pamenepo. Ukadzabwera pa holide, ndidzakufunsa za mayeso, komanso ndidzakufunsa kuti unadya ndi yani.

Mulungu akutsogolere ndi kukusunga. Ukafika utiimbire.

Ndine,
Mayi ako