Kodi Zimenezi Zibwera pa Mayeso?

Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe pamodzi za funso limene limamveka m'makalasi a mzinda wathu uno, kuyambira ku Katoto mpaka ku Luwinga, ku Chibavi mpaka ku Zolozolo. Mphunzitsi akangopatuka pang'ono pa silabasi kuti akambe za buku lina lakale, kapena za munthu wina wanzeru amene anafa kalekale, dzanja limakwera kumbuyo kwa kalasi. "Aphunzitsi, kodi zimenezi zibwera pa mayeso?" Yankho likakhala lakuti ayi, zolembera zimagona pansi ndipo makutu amatsekeka.

Funso limeneli sitilinyoza ayi. Amene amalifunsa amadziwa m'mene fizi yake inapezekera. Mayi anakhala tsiku lonse mumsika kugulitsa nthochi ndi tomato, bambo anapalasa kabaza m'chisanu cha mwezi wa June. Kwa mwana wotere satifiketi ya MSCE ndi khasu lolimira tsogolo la banja lonse. Komabe tikuopa kuti tikazolowera kuyeza buku lililonse ndi muyeso wa mayeso, tidzatuluka m'sukulu tili ndi mapepala m'manja, koma tisanakumane ndi mafunso amene moyo udzatifunsa popanda kutichenjeza. Kodi chilungamo n'chiyani? Kodi ndimvere lamulo loipa? N'chifukwa chiyani ndimachita choipa chimene ndikudziwa kuti n'choipa? Mafunso awa a MANEB sachonga, koma palibe amene amawazemba. Mabuku amene timawatcha akale ndi otchuka ndi aja amene analimbana ndi mafunso otere mozama, kotero kuti eni ake anafa koma mawu awo akutifunsabe.

Tiyambe ndi mnyamata wina wa mu Africa muno. Augustine Woyera anabadwa m'chaka cha 354 ku Tagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ali ndi zaka 19 ankaphunzira luso la kuyankhula pagulu mumzinda wa Carthage, ndipo cholinga chake chinali chofanana ndi chathu: kupambana, kupeza ntchito yabwino ndi kutchuka. Mwa mabuku a maphunziro akewo munali lina la Cicero lotchedwa Hortensius, lolimbikitsa anthu kukonda nzeru. Iye mwini akufotokoza m'buku lake la Confessions kuti bukulo linatembenuza zofuna za mtima wake, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kufunafuna choonadi. Aphunzitsi athu, taonani bwino apa: linali buku la pa silabasi. Anzake analiwerenga kuti atolemo mawu okometsera zokamba zawo, iye analiwerenga ngati kalata yolembera iyeyo. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 80 mutha kukhala mmodzi amene Macbeth kapena Nthondo akumuyankhula mwa njira imene inu simukuiona.

Chomvetsa chisoni n'chakuti buku la Hortensius linasowa. Chimene chinatsala ndi tizidutswa chabe, tina mwa ito tosungika m'zolemba za Augustine yemweyo. Ife a ku Mzuzu tikudziwa bwino kuti mabuku amafa. Pa 18 December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ena, koma phunziro linatsala: buku limasungika bwino koposa mumtima mwa munthu amene analiwerenga nalifotokozera mnzake. Buku lokhala pa shelefu zaka khumi osatsekulidwa silisiyana kwenikweni ndi lopsa.

Wina anganene kuti ife tilibe malaibulale akuluakulu ngati a kunja. Tikumbuke Legson Kayira, mwana wa kumpoto konkuno, wochokera ku Chitipa, amene anaphunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1958 ananyamuka wapansi kukafuna maphunziro ku America. M'katundu wake wochepayo munali mabuku awiri okha: Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, limene John Bunyan analisindikiza m'chaka cha 1678, lokamba za munthu wa paulendo wodzala ndi zokhoma. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale, m'mene anapeza dzina la Skagit Valley College, nalembera kalata. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo m'chaka cha 1960 anafika ku America. Nkhani yakeyi anailemba m'buku la I Will Try la 1965. Mabuku awiri owerengedwa mobwerezabwereza anamuyendetsa mtunda umene ambiri a ife, ndi mafoni odzala ndi zowerenga, sitingauyerekeze.

Tisaganize kuti mabuku akale ndi a Azungu okha. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani imene inapambana mphoto pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa, ndipo inasindikizidwa m'chaka cha 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Ndi mbiri ya mnyamata wopulupudza amene pambuyo pake anasintha nakhala mtsogoleri wa mudzi. Ikani Nthondo pambali pa Confessions, m'mene Augustine akudzifunsa chifukwa chimene anabera zipatso za m'munda wa mnansi ali ndi zaka 16, pamene analibe njala ndipo zipatsozo anakaponyera nkhumba. Mudzaona kuti Mchewa ndi munthu wa ku Tagaste akusinkhasinkha chinthu chimodzi: chimene chimakokera wachinyamata ku choipa, makamaka akakhala pagulu la anzake, ndi chimene chimamubweza. Pafupi nafe pano, ku Ekwendeni, M'busa Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni imene inatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. John Gwengwe anatisiyira Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. Amenewa ndi akuluakulu athu, ndipo paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Nanga filosofi n'chiyani? Liwuli n'lachigiriki, ndipo limatanthauza kukonda nzeru. Ambiri timaliopa poganiza kuti ndi za aseminale ndi a ku yunivesite basi. Koma tamverani m'mene timayankhulira. Tikaona wina wankhanza timati, "Ameneyu si munthu." Tikaona wachifundo timati, "Uyu ndiye munthu." Onse awiri ali ndi mutu, manja ndi miyendo, nanga tikutanthauzanji? Tikunena kuti umunthu suthera pa kubadwa, koma umakula kapena kufota malinga ndi m'mene tikhalira ndi anzathu. Imeneyi ndi filosofi yeniyeni, ndipo akatswiri athu monga Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, ndi Augustine Musopole, mlembi wa Being Human in Africa la 1994, anaifufuza mozama. Aristotle, m'buku lake la Nicomachean Ethics, anaphunzitsa kuti munthu amasanduka wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza mpaka zitasanduka chizolowezi. Agogo athu amene ankatidzutsa m'mamawa kuti tisese pabwalo ndi kupereka moni kwa alendo sakanatsutsana naye. Kuwerenga Aristotle kumatithandiza kuona kuya kwa zimene tinazilandira kale, komanso kuzifunsa mafunso kumene zikupunduka.

Kufunsa mafunsoko kuli ndi mtengo wake. Socrates ankayendayenda mumzinda wa Athens kufunsa anthu otchuka tanthauzo la chilungamo, kulimba mtima ndi kupembedza, ndipo ambiri ankapezeka kuti sakudziwa zimene ankadzitama nazo. M'chaka cha 399 Khristu asanabadwe anamuzenga mlandu wosocheretsa achinyamata ndi wonyoza milungu ya mzindawo, namulamula kumwa chiphe. Wophunzira wake Plato analemba za mlanduwo m'kabuku kakafupi kotchedwa Apology, kamene munthu atha kukamaliza madzulo amodzi. Sophocles naye analemba sewero la Antigone, la mtsikana amene anaika maliro a mlongo wake ngakhale mfumu Creon inaletsa. Ife amene timatseka ntchito zonse pakagwa zovuta m'mudzi sitifunika kutifotokozera kulemera kwa mlandu wotere. Akaidi a ku Robben Island anachitapo sewero limeneli, ndipo Nelson Mandela anasewera ngati Creon.

Dziko lathu nalo linadutsa m'nyengo imene funso la Antigone linali la tsiku ndi tsiku. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loona ndi kuletsa mabuku ndi zisudzo. Jack Mapanje, mlembi wa ndakatulo za Of Chameleons and Gods za 1981, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi ya Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mwezi wotsatira Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, anapirikitsidwa m'dziko muno. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Ambiri a ife tinabadwa zonsezi zitapita, ndipo ufulu wowerenga chilichonse tinaupeza uli kale pakhomo. Tidzifunse: ngati olamulira ankaopa mabuku mpaka kumanga owalemba, kodi iwo ankaona chiyani m'mabukumo chimene ife sitikuchiona?

Alipo makolo amene amada nkhawa kuti mabuku a anthu osadziwa Khristu angasokoneze ana. Nkhawayi si yatsopano. Basil Woyera, episkopi wa ku Caesarea amene anamwalira m'chaka cha 379, analembera achinyamata malangizo a m'mene angapindulire ndi mabuku a Agiriki, nawauza kuti atengere chitsanzo cha njuchi, imene imatenga zokoma pa duwa n'kusiya zotsalazo. Thomas Aquinas Woyera anagwiritsa ntchito kwambiri nzeru za Aristotle, ndipo Papa John Paul II, m'kalata yake ya Fides et Ratio ya 1998, anaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru zimathandizana pofuna choonadi. Izi sizitanthauza kumeza zonse. Aristotle yemweyo anaikira kumbuyo ukapolo, ndipo ife amene makolo athu anaona zoopsa za malonda a akapolo ku Karonga ndi ku Nkhotakota tiyenera kumutsutsa poyera. Kulemekeza buku lakale ndiko kukambirana nalo monga tichitira ndi mkulu pabwalo: kumvetsera mofatsa, kenaka kuyankha mwaulemu koma mosaopa.

Tsono tichitenji? Kwa inu aphunzitsi, tikudziwa kuti kalasi ndi yodzaza, mabuku ndi ochepa ndipo silabasi ndi yaitali. Sitikupemphani zambiri. Patulani mphindi khumi zokha pa sabata, muwerenge mokweza ndime imodzi ya buku lenilenilo, osati chidule chake. Kenaka mufunse ana kuti afotokoze nkhaniyo m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, chifukwa chimene mwana sangathe kuchinena m'chinenero cha kwawo ndiye kuti sanachimvetse. Julius Nyerere, amene anali mphunzitsi asanakhale mtsogoleri wa Tanzania, anamasulira Julius Caesar wa Shakespeare m'Chiswahili, ndipo linatuluka m'chaka cha 1963. Ngati mtsogoleri wa dziko anapeza nthawi ya ntchito yotere, mwina pakati pa aphunzitsi a mumzinda uno alipo amene angatipatse Apology m'chinenero chathu. Pomaliza afunseni ana mafunso atatu: Mlembiyu akuti chiyani? Kodi akunena zoona? Nanga kwathu kuno zikutikhudza bwanji? Funso lachiwirilo ndi limene kawirikawiri timalidumpha, pamene ndi lomwe limasandutsa woloweza kukhala woganiza.

Kwa ife achinyamata, tiyambe ndi zazing'ono. Laibulale ya National Library Service ilipo mumzinda muno. Mabuku ambiri amene tawatchulawa, monga a Plato, Sophocles, Augustine ndi Bunyan, amapezeka ulere pa intaneti pa Project Gutenberg, ndipo amalowa m'foni ndi ndalama yochepa kuposa imene timaononga poonera kanema mmodzi. Tisawerenge patokhapatokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu atha kusankha buku limodzi, kuwerenga mutu umodzi pa sabata, ndi kukumana Lamulungu masana kuti akambirane. Pagulu lotere tiitanepo agogo mmodzi, timufotokozere nkhani ya Antigone, timve m'mene iye angauweruzire mlanduwo. Pamene sitikumvetsa tifunse, paja safunsa anadya phula. Buku likatilemera tisathamangire kulitaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina ena a ife tidzakhala m'maofesi, ndipo wina adzatibweretsera chikalata chabodza kuti tisayine. Ena tidzakhala anamwino usiku pakati, wodwala wosauka ali patsogolo pathu, palibe wotiona. Ena tidzakhala makolo a mwana wopulupudza ngati Nthondo. Pa nthawi imeneyo sipadzakhala mphunzitsi woti timufunse, ndipo tidzayankha ndi zimene tinasunga mumtima. N'chifukwa chake tikupempha kuti sabata ino aliyense asankhe buku limodzi lakale, awerenge masamba khumi oyamba, ndipo Lamulungu likudzali adzauze mnzake mmodzi zimene wapezamo.