Kuseri kwa Msika wa Ndirande, Kumene Amasoka Matewera

Mukatsika minibasi pamsika wa Ndirande n'kufunsa kumene kuli matewera, aliyense adzakulozerani kumaokala. Kumeneko mapampasi alendewera pachingwe pamodzi ndi timapaketi ta shuga ndi sopo waufa, ndipo amagulitsidwa limodzilimodzi poti si onse angakwanitse paketi yathunthu. Matewera ansalu alipo ndithu, kungoti sakhala poonekera. Muyenera kulowa mkati, kupyola azimayi a tomato ndi usipa, kupyolanso kumene amisiri akukhoma ndowa ndi mbaula mpaka makutu kuchita kuwawa, kenako mufike kukaunjika. Thewera limayambira kumeneko.

Ine ndinkatsatira mayi wina, telala, wachikulirepo, tepi yoyezera ili m'khosi, m'manja atanyamula kabotolo ka madzi. Madiresi ndi majekete ankangowadutsa osacheuka. Anakaima pamulu wa mataulo ndi mashiti a fulanelo, aja amafunda anthu a kumayiko ozizira, n'kuyamba kufukula. Akapeza nsalu yomugwira mtima, ankaiyala pabondo n'kudonthezapo madzi. Madzi akalowa pomwepo, nsaluyo inkapita paphewa. Akangokhala pamwamba n'kumagubuduka, inkabwerera pamulu ngakhale ikongole chotani. Pena pokayikitsa ankasolola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesita amasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba.

"Amayi, tengani ili, latsopanotu ili, silinagwirepo ntchito," anatero mnyamata wogulitsa.

"Latsopanolo ndiye sindilifuna, achimwene. Ndipatseni lomwe lalawako sopo."

Sankanena zoseka. Nsalu ya thonje yatsopano imamwa madzi monyinyirika, ndipo ikachapidwa imafupika. Chitenje chatsopano ndiye chimaposa, chifukwa cha mankhwala ochilimbitsa aja. Mukamukulunga nacho mwana, mkodzo umangodutsa n'kukathera pamiyendo ya womunyamula. N'chifukwa chake kumudzi mwana akabadwa, azimayi amang'amba zitenje zakale, zofewa, zimene zinatopa kale ndi mwala wa kudambo.

Chinthu chimodzi chinandikhala pamtima tili pamulu paja. Thonje timalima tokha, ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka, ku Salima. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, ili ku Makata, kumunsi komweku, koti munthu n'kuyenda wapansi. Koma thaulo limene likamwe mkodzo wa khanda la ku Ndirande lachita kuwoloka nyanja m'belo, litapukuta kale msana wa munthu wina ku Ulaya kapena ku America. Telalayo analibe nthawi ya maganizo oterowo. Iye ankalimbana ndi mtengo, ndipo anapambana.

Kuchoka pamsika kupita kukhonde kwake, njira imalowa m'timipata ta pakati pa nyumba, moti anthu awiri sangayende mogundizana mapewa. Mumalumpha ngalande, kupatukira mwana wosenza chigubu, kenako n'kutsetserekera kumtsinje wa Nasolo. Pamenepo sipafunika wokufotokozerani kumene mapampasi amathera. Ali mbwee m'mphepete, ena akodwa m'miyala, ena agalu awang'amba. Onse ndi otupa, chifukwa mkati mwake muli ufa umene umamwa madzi ochuluka kuposa kulemera kwake n'kusanduka phala loterera. Ufa umenewo ndi umene umachititsa mwana kugona usiku wonse osanyowa, ndipo ndi womwewonso umatseka ngalande mvula ikagwa. Ena amawaponya m'chimbudzi chokumba, dzenje n'kudzadza msanga, opopa zimbudzi n'kumavutika nawo poti saola. Galimoto ya zinyalala singalowe m'timipata timeneti kuti iwatengere kudzala la ku Mzedi. Nkhani ya majumbo opyapyala, amene boma linaletsa mu 2015, inakafika mpaka ku Supreme Court mu 2019. Ya thewera lotupa m'Nasolo siimveka kwenikweni, mwina chifukwa ndi yochititsa manyazi kuikamba pamsonkhano.

Khonde lenilenilo ndi laling'ono. Pali makina awiri opalasa ndi miyendo, Butterfly ndi Singer yakalekale imene utoto wake unafufuta. Magetsi azime kapena ayake, pano ntchito siima. Pa Singer panali mtsikana, mwana wa mng'ono wake wa telalayo, akuphunzira. Kukhoma kwakhomedwa misomali itatu, ndipo pamsomali uliwonse papachikidwa patani yodula pakatoni: ya khanda, ya mwana wokwawa, ndi ya woyenda. Patani yake ndi yotambalala kumbuyo, kumene kuli mapiko awiri okulunga m'chiuno, yopanikiza pakati pomwe padutse miyendo, n'kutambalalanso pang'ono kutsogolo.

Telalayo anayala fulanelo wochapa kale patebulo, n'kuzunguliza patani ndi kachidutswa ka sopo wotha m'malo mwa choko, kusiya mpata wa chala chimodzi wa msoko. Fulaneloyo ndiye wa mkati, wokhudza khungu la mwana. Kunja amaika nsalu yosalowa madzi, yangati ya maambulera kapena ya majekete a mvula, imene amagula pamita ku Limbe, kapena kuchita kusula pajekete la kaunjika likapezeka labwino. Apa ndi pamene pali luso limene sindikanalidziwa ndikanapanda kuima pafupi. Paliponse pamene singano yaboola nsalu yakunjayo, pamenepo padzadontha. Choncho pakati pake salola msoko kudutsapo ngakhale umodzi, ndipo mapini amabaya m'mphepete mokha, m'mene mudzabisike mumsoko. Mtsikana uja ataiwala n'kubaya pakati, anangomva, "Iwe, mwana wa mwini akakodzere pa ndani?"

Makina opalasa amasoka msoko wowongoka basi, alibe wa zigizagi. Telala wa makina amagetsi akhoza kusokerera lastiki mwachindunji, koma pano njira ndi ina. Amaphatikiza nsalu ziwirizo chagada, n'kusoka kuzungulira kusiya kakhomo kumbuyo, n'kutembenuza. Kenako m'mbali mwa miyendo ndi kumsana amasoka msoko wachiwiri, kupanga kanjira, lastiki n'kumulowetsa ndi pini, kumukoka, n'kumukhomerera uku ndi uku. Kukoka kwakeko ndiye mutu wa nkhani. Mukakoka kwambiri, ntchafu za mwana zimatsala ndi mizere yofiira. Mukalekerera, chimbudzi cha khanda loyamwa, chimene ndi chamadzimadzi, chimatulukira m'mbali pa nthawi yoipitsitsa, kawirikawiri m'tchalitchi. Iye sayeza ndi tepi. Amangolowetsa zala ziwiri, n'kugwedeza mutu.

Pomangira amaika mabatani okhoma, mizere iwiri kutsogolo, kuti mwana akamakula muzingosuntha. Zomata zija za phwee amazikana. Akuti zimatola ulusi pochapa n'kuleka kugwira, m'mphepete mwake mumakanda mimba, komanso mwana akangofika chaka amaphunzira kumatula yekha.

Agogo ena amene anakhala pamkeka kumapeto kwa khonde, akusankha nyemba, ankaonerera zonsezi ndi nkhope yosakhutira. Iwo analera ana awo ndi thewera la makona anayi, la thaulo loyera, lopinda katatu n'kubaya ndi pini wamkulu, pamwamba n'kuveka kabudula wa pulasitiki amene ankauma n'kung'ambika miyezi isanathe. "Ife zala zathu zinabayidwa kuti mimba ya mwana isabayidwe," anatero, osakweza maso. Nzeru ya mabatani ndi nsalu yosadontha si ya lero ayi. Mu 1946, mayi wina wa ku Connecticut, Marion Donovan, atatopa ndi kuchapa zofunda zonyowa, anadula katani ya kubafa n'kuisoka pamakina kukhala chovindikira thewera; pambuyo pake anagwiritsa ntchito nsalu ya parachuti, n'kuika mabatani m'malo mwa mapini, ndipo mu 1949 zinayamba kugulitsidwa ku New York. Pampers anadzabwera mu 1961. Chimene chikusokedwa pakhonde la ku Ndirande n'chapafupi kwambiri ndi cha Donovan.

Koma chimene telalayu amanyadira si lastiki kapena mabatani. Ndi thaulo la pakati, limene limamwa mkodzo. Ambiri ongoyamba kumene amaunjika thaulo kanayi kapena kasanu n'kulisokerera mkati mwa thewera. Limaoneka lonenepa, lokongola, ndipo wogula amakhulupirira kuti wapeza chinthu. Iye sachita zimenezo. Thaulo lake amalidula lalikulu, limodzi, n'kupinda m'mphepete kuti lisayoyoke, basi. Mayi amalipinda katatu yekha n'kuligoneka mkati mwa thewera, ndipo pochapa amalitambasula. Nditafunsa chifukwa chake, sanayankhe. Anangonditengera kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kuli chingwe chimodzi cha waya chimene mabanja angapo a pulotiyo amagawana. Dzuwa limafikapo maola ochepa, makoma asanaliphimbe. Mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri la Ndirande ndi kamvula kake kowaza, nsalu yokhuthala imatha masiku ili yonyowa, n'kuyamba kununkha chinyezi. M'dzinja ndi chimodzimodzi. Thaulo lotambasuka limauma tsiku lomwelo, ndipo likakanika panja mukhoza kuliyanika pampando pafupi ndi mbaula. Lounjika lija mkati mwake simuuma, ndiponso simuyera, poti sopo salowamo bwino ndipo akalowa satulukamo. Khanda limafuna kusinthidwa kakhumi kapena kuposerapo patsiku. Mayi amene ali ndi matewera 24 osauma ali pamavuto kuposa amene ali ndi 12 ouma msanga. Telalayu, kunena zoona, sasokera mwana yekha. Amasokera beseni, chingwe ndi nyengo ya Blantyre.

Palinso nkhani ya mphutsi. Ntchentche yobereka mphutsizo imakonda kuikira mazira pansalu yonyowa, makamaka ya fungo la mkodzo yoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo kachirombo kake kamalowa pakhungu n'kutupitsa chithupsa. Mankhwala ake ndi simbi yotentha. Thaulo ndi fulanelo zimapirira simbi ya makala, koma nsalu yakunja ija imasungunuka, choncho amalangiza kusita mbali ya fulanelo yokha, simbi itazizirako. Ichi n'chifukwa chinanso chopatulira thaulo: chimene chimanyowa kwambiri chikhale chimene mungachisite mopanda mantha.

Titaima pomwepo ndinkaona mzere wa ndowa ndi zigubu pakiyosiki ya madzi, kutsidya kwa kanjira. Apa ndi pamene ndimasiyana nawo anthu amene amalalikira thewera lansalu ngati kuti ndi laulere mukangoligula. Chimbudzi cha mwana chiyenera kukatayidwa m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba. Chikhulupiriro chakuti cha khanda n'chosaopsa n'chabodza, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anatikumbutsa mtengo wa madzi oipa. Kenako thewera livikidwe, lichapidwe ndi sopo, litsukuluzidwe kawiri kapena katatu, chifukwa sopo wotsalira ndi amene amasupula matako a mwana. Madzi onsewo ndi ogula pandowa, osenza pamutu, ndipo mpopi ukauma muyenera kudzuka usiku kukadikira. Amene amasenza ndi kuchapa ndi mayi amene wangotuluka kumene m'chikuta, kapena kamtsikana kamene kanayenera kukhala kusukulu. Pamzere wonse uja ndinaonapo bambo mmodzi. Munthu amene ali ndi mpopi m'nyumba ndi wantchito wochapa asamale pakamwa poweruza mayi wogula pampasi imodzi paokala.

Telalayo naye sabisa. Makasitomala ake ambiri amaphatikiza: nsalu pakhomo masana, pampasi popita kumaliro, kusikelo, kapena paulendo wa basi wopita kumudzi. Iye akuti maoda anachuluka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja atakwera mtengo. Anthu sanabwere chifukwa cha Nasolo ayi, anabwera chifukwa cha m'thumba. Ndipo thewera lansalu likasamalidwa limalera mwana woyamba n'kudikira wachiwiri, lastiki yekha ndiye wofuna kusintha.

Titabwerera kukhonde tinapeza mayi woyembekezera, wotopa ndithu, atakhala pabenchi ndi apongozi ake aakazi. M'jumbo anali ndi zina mwa zofunika kuchipatala, zitenje ndi pepala lakuda la pulasitiki, ndipo anabweretsanso mashiti awiri akale kuti mtengo utsikeko. Telala anawadontheza madzi, limodzi analilandira, linalo analibweza. Apongoziwo anatola thewera limodzi lomaliza, kulitembenuza uku ndi uku, kukoka lastiki, n'kufunsa chifukwa chake ndi lopyapyala chonchi pamtengo umenewo. Telala anawaonetsa thaulo lopinda, n'kulitambasula pamaso pawo. Anakambirana kwa nthawi, mawu akukwera n'kutsika, mpaka anagwirizana zoyamba ndi matewera 6 ndi mataulo 12, ena adzawonjezera bambo a mwana akalandira. Zidutswa zotsala, telala anati, asokapo tophimbira mawere kuti mkaka usamanyowetse bulauzi, ndipo zimenezo salipiritsa.

"Mubwere Lachisanu, asisi. Mukakatenga mukazichape kaye musanamuveke mwana, ndipo musakathire mankhwala ofewetsa nsalu aja, amatseka thaulo."

"Nanga akabadwa Lachinayi?"

"Ndiye apongozi anuwa ang'ambe chitenje."