Chigamba chosaviika m'madzi

Pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pali anthu omata matayala a njinga. Ndawaona kuyambira ndili mwana, koma chinthu chimodzi ndachizindikira nditakula kale. Akamata chubu sachibwezera m'tayala nthawi yomweyo. Amayamba achipopa, kenako n'kuchiviika m'beseni la madzi akuda bii, akuchitembenuza pang'onopang'ono. Wakabaza amakhala ataima pambali mtima uli m'mwamba, akuona makasitomala akutengedwa ndi anzake. Mmisiri alibe nazo ntchito zimenezo. Maso ake ali pamadzi, kuona ngati pakutuluka thovu.

Ine ndinaphunzira zamakompyuta zaka zinayi ku yunivesite, koma mu December 2021 ndinalephera kuchita zomwe bambo wa beseni amachita tsiku ndi tsiku.

Nditamaliza sukulu ndinakhala miyezi ingapo kumudzi ndikutumiza makalata ofunsira ntchito omwe sankayankhidwa. Kenako ndinapeza ganyu kukabungwe kena kakang'ono komwe kankabwereketsa mbewu ya soya ndi mtedza kwa makalabu a alimi cha ku Nsaru ndi ku Kabudula. Mlimi ankapereka kandalama koyambira, n'kutenga mbewu, zotsalazo n'kudzabweza akakolola. Kalabu iliyonse inali ndi mlembi, ndipo alembiwo ankalemba zonse pa foni. Akapeza netiweki ankadina batani, zolembazo n'kupita ku seva yathu. Woyang'anira sevayo ndinali ine ndekha. Mmodzi mwa alembiwo anali azakhali anga, ndipo ndine amene ndinawanyengerera kuti avomere udindowo.

Pulogalamu yomwe tinkagwiritsa ntchito sitinagule. Inali ya open source, kutanthauza kuti khodi yake ili poyera: aliyense akhoza kuiwerenga, kuitenga, kuikonza. Kwa kabungwe kosauka ngati kathu, umenewo unali mwayi waukulu. Koma mapulogalamu otere samangidwa ndi munthu mmodzi kuchokera pansi. Mkati mwake mumakhala tizidutswa tolembedwa ndi anthu ena, ena a iwo akulemba usiku ataweruka kuntchito, osalandirapo kanthu. Kamodzi mwa tizidutswa totere ndi Log4j, komwe ntchito yake ndi kungolemba m'kaundula zomwe zikuchitika mu pulogalamu ya Java. Kanthu koti palibe ankakaganizira.

Pa 9 December 2021 zinadziwika kuti Log4j ili ndi chiboo. Munthu ali kutali akanatha kutumiza mawu ochepa chabe ku seva, Log4j n'kuwawerenga ngati lamulo, basi seva yalandidwa. Anyamata ena ankayeserera zimenezi pongolemba mu chat ya masewera a Minecraft. Pa mlingo woyezera kuopsa kwa ziboo zotere, womwe umathera pa 10, ichi chinapatsidwa 10. M'magulu a WhatsApp a anzanga a kukoleji munali chipwirikiti. Aliyense: mwamata kale? Mwamata kale?

Achizungu amati patch, ife tinene kuti chigamba, chifukwa ndi chomwecho ndithu. Anthu a Apache omwe amasamala Log4j anatulutsa 2.15.0. Patangopita masiku ochepa zinaoneka kuti chigambacho chikuchucha, anatulutsa 2.16.0. Kenako 2.17.0. Chaka chisanathe, 2.17.1. Zigamba zinayi m'milungu itatu, chigamba pa chigamba ngati kabudula wa mwana wa kubusa. Sindikuwaseka ayi. Anali anthu ochepa, dziko lonse likuwakalipira, ambiri okalipawo asanawapatsepo ngakhale tambala.

Ine zomwe ndinachita ndi izi. Linali Lachisanu madzulo, magetsi atazima, laputopu itatsala ndi moto wa ola limodzi, bandulo nayo ikutha. M'malo mongosintha kachidutswa kovutako, ndinati bola ndikweze pulogalamu yonse ifike pa veshoni yatsopano, ndithane nazo kamodzin'kamodzi. Ndinakweza. Ndinatsegula apu pa foni yanga, ndinalemba dzina labodza, ndinatumiza, zinafika. Ndinagona ngati munthu amene wapulumutsa dziko.

Foni yangayo inali yatsopano. Pamenepo ndi pomwe panagona nkhani.

Seva yatsopano inkakana kulankhula ndi apu yakale. Apu yatsopano nayo inkakana kulowa m'mafoni akale, omwe Android yake inasiya kalekale kulandira ma apudeti. Ndipo alembi ambiri anali ndi mafoni oterowo, ong'aluka galasi, omangidwa ndi labala, odzaza ndi zithunzi za maukwati ndi nyimbo za kwaya. Azakhali kwawo netiweki ndi yochita kusaka pachulu, ndiye ankasunga zolemba zawo mu foni mpaka tsiku lopita kumsika pa Nsaru. Ulendo umenewo anali ndi zolemba za milungu itatu, nthawi yeniyeni yomwe anthu ankatenga mbewu chifukwa mvula inali itayamba. Anadina batani, foni inakana. Anadinanso, inakana. Anandiimbira, foni yanga inali kotchaja. Mnyamata wina wotchaja mafoni pamsikapo anawathandiza ndi nzeru yomwe tonsefe timapereka: fufutani, muikenso. Anafufuta. Zolemba za milungu itatu zinapita ndi apuyo.

Kope linalipo kale, lija lachikuto cholimba. Koma pamaphunziro tinawauza alembi kuti foni ikukwanira, asamadzivutitse kulemba kawiri. Amene anaima kutsogolo n'kunena mawu amenewo ndi ine.

Mu January ofesi inasindikiza mndandanda wa omwe anapereka ndalama zoyambira. Anthu ambiri a m'kalabu ya azakhali sanapezekemo. Inu mukudziwa momwe nkhani imayendera m'mudzi. Palibe ananena kuti seva yakana. Ankati alembi adya ndalama. Wina anakumbukira kuti pa Khirisimasi azakhali anavala chitenje chatsopano. Kumjigo anthu ankasiya kulankhula iwo akafika.

Nditapita kukawaona sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anandiyalira mkeka, anandipatsa madzi, kenako anati, "Mwana wanga, iwe unati foniyi siiwala."

Tinayenda masiku anayi pa njinga, khomo ndi khomo, m'matope. Uyu anapereka liti, panali ndani, msungichuma analandira zingati. Mwamwayi msungichumayo, gogo wina wosakhulupirira mafoni, ankalemba manambala kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi. Zambiri zinagwirizana. Za anthu awiri sizinapezeke umboni, ndipo azakhali anagulitsa mbuzi kuti atseke pakamwa pa anthu. Ndalama ya mbuziyo ndinabweza nditalandira malipiro. Ulembi anausiya chaka chomwecho.

Pamsonkhano wa kalabu, pansi pa mtengo wa mango, ndinaimirira kufotokoza. Tayesani kufotokozera Log4j anthu omwe akufuna kudziwa za ndalama zawo. Ndinati panali khomo lomwe akuba akanatha kulowera, ndiye ndinathamangira kukatseka. Bambo wina wachikulire anakweza dzanja. "Ndiye akubawo anabwera?" Ndinati sindinaone chizindikiro choti anabwera. Anagwedeza mutu. "Ndiye amene mwationongera ndinu, achimwene."

Funso limenelo ndakhala nalo zaka. Kodi ndikanangosiya osamata? Ayi. Chiboo chinali chenicheni, ndipo masiku amenewo makompyuta a akuba ankayenda pa intaneti yonse kugogoda seva iliyonse, osasankha kuti iyi ndi ya banki, iyi ndi ya alimi a soya. Mu seva yathu munali maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu. Kumata kunali koyenera, ndipo kunali kofunika msanga. Cholakwa changa chinali chakuti ndinasakaniza chigamba chachangu ndi kusintha kwakukulu komwe kukanatha kudikira, kenako n'kuyesa pa foni imodzi yomwe sinkafanana ndi foni ya mlembi aliyense. Kubwereka foni ya azakhali kwa ola limodzi kukanandionetsa thovu.

Zomwe zinandichititsa kuganiziranso nkhaniyi zinachitika kutali. Pa 29 March 2024, Lachisanu Loyera, katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, analengeza kuti wapeza khomo lobisika mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwini pulogalamuyo, Lasse Collin, yemwe anali atatopa kuisamala yekha. Atakhulupiriridwa, anabisa msampha mu veshoni 5.6.0 ndi 5.6.1. Freund sankasaka akuba. Ankagwiritsa ntchito Debian yoyeserera, ija yomwe siinafike kwa anthu wamba, ndipo anaona kuti polowa mu kompyuta kudzera pa SSH pakuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi, abale. Ife kuno tsamba likatsegula pa masekondi khumi timati lero netiweki ili bwino. Iye anatsata kuchedwako mpaka anapeza msamphawo usanalowe m'maveshoni okhazikika omwe ma seva ambiri padziko amagwiritsa ntchito.

Nditawerenga ndinaona kuti beseni la open source ndi anthu. Pulogalamu isanatuluke, amatulutsa yoyeserera, beta kapena release candidate, n'kupempha kuti amene angathe aiyese. Chomwe chagwidwa pamenepo ndi chomwe oyesawo akumana nacho pamakina awo. Ngati oyesa onse ali ndi mafoni atsopano, magetsi osazima ndi intaneti yosaduka, ndiye kuti chubu chaviikidwa mbali imodzi yokha. Palibe amene angaone zomwe zimachitika foni ikakhala milungu itatu osalumikizidwa, kapena netiweki ikaduka fayilo ili pakati.

Chondipweteka ndi chakuti dera lathu lino si lachilendo pa nkhanizi. Mu 2008 wophunzira wa ku Stanford, Josh Nesbit, anabwera ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi laputopu, mafoni akale pafupifupi 100 ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS, yomwe analemba Ken Banks. Anthu odzipereka a m'midzi, omwe kale ankapalasa njinga mtunda wautali kukapereka lipoti la wodwala mmodzi, anayamba kutumiza uthenga wa pa foni. Ntchito imeneyo ndi yomwe inabala Medic Mobile, ndipo pambuyo pake Community Health Toolkit, pulogalamu ya open source yomwe lero ikugwira ntchito m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia. Oyamba kuonetsa kuti zimenezi n'zotheka anali amayi ndi abambo a m'midzi yathu yomweyi, ndi timafoni ta mabatani. Lero Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti ake pa DHIS2, yomwe imasamalidwa ku University of Oslo, ndipo nayo ndi ya open source. Tili mkati mwa zinthuzi mpaka m'khosi. Koma anzanga ambiri omwe tinaphunzira limodzi, ndi ine ndemwe kwa nthawi yaitali, timangodikira veshoni yomaliza, kuikweza, ikavuta n'kumadandaula pa WhatsApp. Kulemba lipoti la vuto kwa eni pulogalamu timaona ngati ndi za azungu.

Ndikudziwa, pali zifukwa. Bandulo ndi yodula, ndipo munthu amene akusankha pakati pa apudeti ya ma MB 200 ndi kulankhula ndi mwana wake wa ku Joni sangasankhe apudeti. Komanso kuyesa pulogalamu ya eni ake ulibe malipiro, m'dziko lomwe madigiri akugulitsa kaunjika, kumamveka ngati nthabwala. Sindikuuza munthu zochita. Ndikungonena kuti lipoti langa loyamba, lomwe ndinalemba m'Chingerezi chamanyazi ndikufotokoza kuti batani lina limabisika pa foni ya sikirini yaing'ono, linayankhidwa patapita masiku awiri ndi munthu amene sindidzakumana naye. Anandipempha chithunzi. Anati alibe foni yotero.

Ine ndili nayo. Azakhali atagula ina, yakaleyo anandipatsa, ija yomangidwa ndi labala. Imakhala mu dirowa pamodzi ndi tchaja yake yomwe imafuna kuitsamiritsa pa buku kuti igwire. Kuntchito komwe ndili pano, chilichonse chisanapite kwa anthu chimayamba chadutsa pa foni imeneyo, ndili nditazimitsa data, kenako n'kuyatsa, kenako n'kuzimitsanso pakati potumiza. Anzanga amaitcha agogo.

Mwezi watha ndinapita kumudzi ndi apu ina yomwe tikukonza. Ndinawapatsa azakhali kuti aiyese, osawauza podina. Anaigwira patali ndi maso, anayenda nayo mpaka kukhola, anabwerera.

"Ndalemba. Tsono ndidziwa bwanji kuti zapita?"

Ndinayang'ana. Panalibedi chilichonse chosonyeza. Ndinatulutsa kope langa n'kulemba, iwo n'kubwerera kukapeta chimanga.