Nkhata ya Injini

Ana inu, mwaona amai anu alikucokera ku citsime atasenza mtsuko wa madzi. Asanasenze, iwo amayamba apinda nkhata ya nsaru kapena ya udzu, naiika pamutu. Nkhatayo ndiyo kanthu kakang'ono, ndipo palibe munthu amaitama. Koma ikasowa, mutu upweteka, mtsuko ugwedezeka, madzi natayika. Lero ndikuuzani za nkhata yina, imene inandiphunzitsa nzeru ndiri wamkulu kale.

Ine ndiri ndi galimoto yakale ya mtundu wa Mercedes-Benz 240D. Magalimoto a maonekedwe amenewa anayamba kuwapanga ku Germany caka ca 1976, motero yangayi iposa msinkhu aphunzitsi ena a pa sukulu pano. Ngakhale iri yokalamba, pa mudzi pathu ndiyo yokha imene imanyamula odwala usiku kunka nao ku cipatala.

Injini yace imamwa dizilo. Dzina limeneli linacokera kwa Rudolf Diesel, amene anayendetsa bwino injini yotere caka ca 1897. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi kamoto ka pulagi, koma ya dizilo imapanikiza mpweya kolimba, kufikira mpweya umene unadzaza magawo 21 ukhala m'gawo limodzi lokha. Pamenepo mpweyawo utentha kwambiri, ndipo mafuta akalowa amayaka okha. Cifukwa cace injini ya dizilo imagunda mwamphamvu monga musi mu mtondo, ndiponso imalemera.

Tsono amisiri sanaimange pa zitsulo za galimoto popanda kanthu pakati. Anaikhazika pa mphira wokhuthala, womatidwa pakati pa zitsulo ziwiri: wina ku manzere, wina ku manja, ndi wacitatu kumbuyo, pansi pa giyabokosi. Amakaniko amauchula mounting, koma ine ndimati nkhata ya injini, pakuti nchito yace ndi yomweyo.

Caka cina galimoto yanga inayamba kunjenjemera poima, ndipo poiliza pankamveka kugunda pansi. Nditasuzumira ndinaona kuti mphira wa ku manzere wang'aluka ndi kuphwa. Ndinapita ku tauni, ndipo ndinapeza mitundu itatu. Woyamba unali wocotsedwa ku galimoto yakufa. Waciwiri unali watsopano, wakuda bii, wouma ngati mwala, wa mtengo wocepa. Wacitatu unali wopangidwira galimoto ya mtundu wanga, koma mtengo wace unali waukuru. Ndinati mumtima mwanga, "Couma ndico colimba." Ndinagula waciwiriwo, umodzi wokha, osafunsa munthu ali yense.

Akuru anati safunsa anadya phula. Kunjenjemera kuja sikunathe, koma kunakula, kotero kuti ciwongolero cinali kuzizimitsa manja, ndipo pa galasi loonera kumbuyo sipankaoneka kanthu bwino. Ndinangopirira, pocita manyazi kubvomera kulakwa kwanga.

Usiku wina wa mvula anadzandidzutsa, kuti mwana wa mnansi wathu watentha thupi kwambiri. Tiri pakati pa ulendo, pa mseu wa mabampu, mphira wakale wa ku manja, umene ndinausiya, unaphweratu. Injini inapendekeka, ndipo fani inayamba kukwecha cochinga cace ndi phokoso loopsya. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe, poopa kuti fani ingathyoke ndi kuboola thanki ya madzi oziziritsa injini. Mai wa mwanayo sananene kanthu, koma ndinamva kupuma kwa mwana wace njira yonse. Tinafika mocedwa, mwanayo anacira, koma ine sindinagone usiku umenewo.

M'mawa mwace ndinapita kwa makaniko wina wokalamba, ndipo ndinamuuza zonse. Iye anadinikiza mphira wanga watsopano uja ndi cala, napukusa mutu. Anati, "Aphunzitsi, kodi amai angapinde nkhata ya mwala?" Ndipo anandiphunzitsa kuti mphira wouma kwambiri umapereka kugunda konse kwa injini ku thupi la galimoto, pamene wofewa kwambiri umaphwa msanga ndi kulemera kwa injini ya dizilo. Woyenera ndiwo umene anaupimira injini imeneyo, ndipo munthu amaudziwa ndi nambala yace, osati ndi maonekedwe. Wocotsedwa ku galimoto yakufa wakalamba kale, pakuti mphira umauma ndi zaka ndi kutentha.

Anandionetsanso zinthu ziwiri zimene sindinaziganize. Coyamba, mphira wa ku manzere ndi wa ku manja amasenza katundu mmodzi, nakalamba pamodzi. Posintha asinthidwe onse awiri, kuti injini ikhale yolingana. Caciwiri, oyilo anali kudontha kucokera ku injini ndi kunyowetsa mphira; ndipo oyilo ndi dizilo zimafewetsa mphira ndi kuutupitsa. Tikadapanda kutseka podonthapo, ngakhale mphira wabwino ukadaonongeka msanga.

Ndinagulitsa matumba a cimanga, ndipo ndinagula awiri oyenerawo. Makaniko anacirikiza injini ndi jeke, ataika thabwa pakati, namasula mabauti, naika atsopanowo. Atatha anaika kapu yodzala madzi pamwamba pa boneti, naliza injini. Madziwo anangocita timizere tating'ono, osatayika ngakhale dontho limodzi.

Ana inu, ndinalipira kawiri pa cinthu cimodzi, ndipo mwana wa mnzanga akadalipira koposa ine. Mukadzakula ndi kukhala amisiri, kapena oyendetsa magalimoto, musadzapeputse kanthu cifukwa nkakang'ono ndi kobisika. Yambani mwafunsa kuti kasenza ciani, ndipo funsani amene adziwa musanaturutse ndalama. Mawa, mukaona amai alikupinda nkhata, yang'anitsitsani: saipinda yofewa kwambiri, kapena youma kwambiri, koma yolingana ndi mtsuko umene adzasenza.