Katumba Wosagona Tulo

Bambo wina wa m'mafamu a fodya kufupi ndi Karoi, m'chigawo cha Mashonaland West, anatha miyezi inayi maso ali pa mwendo wake wamanzere. Katumba ankadumphadumpha yekha, makamaka usiku, ngati pansi pa khungu palowa kachilombo. Sankapweteka, ndipo mwendowo unkayenda bwinobwino. Koma bamboyu anasiya kudya mokhuta.

Iye anabadwira pakomboni. Bambo ake anachoka ku Dedza ndi Mthandizi m'zaka za m'ma 1950 ndipo sanabwererenso kumudzi. Boma litayamba kulanda ndi kugawa mafamu mu 2000, ntchito yokhazikika inatha, ndipo mayi amene ankaona za umoyo pakombonipo anasamuka. Anatsala ndi ganyu kwa alimi atsopano, popanda womufunsa thupi likachita zachilendo.

Poyamba anati ndi malodza. Akuluakulu amati chikope cham'munsi chikamanjenjemera, misozi ili pafupi. Mwina mwendo nawo unkalosera maliro. Maliro sanamveke. Kenaka anakumbukira mkulu wake amene anafa ziwalo mbali imodzi. Koma chimene chinamuthetsa nzeru ndi foni ya mwana wake. Mnyamatayo, pofuna kuthandiza, anafufuza pa intaneti n'kupeza matenda a motor neurone, amene anapuwalitsa katswiri wa sayansi Stephen Hawking. Kuchokera tsiku limenelo, bamboyu ankadziyesa m'mawa uliwonse. Ankaima chonyang'ama kuseri kwa nyumba, kufinya mpini wa khasu, kuyerekeza miyendo iwiriyo ndi chingwe. Akapeza kuti mphamvu zilipo, mtima unkakhala pansi mpaka masana basi.

Mkazi wake ndiye anatopa nazo. "Bambo, mwendowu umakufikitsani kumunda ndi kubwerako. Chikukudyani si mwendo ayi. Tiyeni kuchipatala akatiuze."

Namwino anamuyendetsa ndi zidendene, kenaka ndi zala, anamukankha phazi kuti alimbane naye, n'kuona ngati mnofu wayamba kufwota. Kenaka anafunsa za ntchito. Inali nyengo yowotcha fodya, pamene moto wa m'balani suzima pafupifupi sabata yathunthu. Bamboyu ankachezera kusonkhezera nkhuni, akumwa tiyi wowawa ndi kusuta kuti asagone. Kutopa, kusowa tulo, tiyi, fodya ndi nkhawa, zonsezi zimachititsa timitsempha kutumiza uthenga ku mnofu mwini wake asanafune. Anthu ambiri athanzi zimawachitikira pa chikope, pa katumba kapena pa chala. M'matenda amene iye ankaopa, omwe ndi osowa, mnofu umafooka ndi kuchepa: munthu amapunthwa, amagwetsa kapu, mawu amalemera.

Funso limene namwino anakhalitsapo linali la mankhwala opopera, ndipo apa mantha a munthu wa pafamu sayenera kusekedwa. Mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate, monga dimethoate, amalowa pa khungu ndi m'mapapo, ndipo amadumphitsadi minofu. Koma sabwera okha. Pamakhala dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, chifuwa chothina, ndipo mwana wa diso amachepa ngati nsonga ya singano. Wotere asadikire kuti kuche: avule zovalazo, asambe ndi sopo, apite kuchipatala atanyamula chibotolo cha mankhwalawo. Fodya wonyowa ndi mame nayenso amalowetsa chikonga m'thupi mwa wothyola, n'kuyambitsa chizungulire ndi nseru. Bamboyu analibe chimodzi mwa izi, ngakhale anavomera kuti ku nazale amapopera manja ali pamtunda. Namwino anamudzudzula pa chimenechi kuposa pa china chilichonse.

Za mwendowo anangoti, "Sekuru, muli ndi kufungisisa." Ndi mawu a Chishona otanthauza kuganiza mopitirira muyeso, omwe amagwiritsidwanso ntchito ndi Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, mu Harare, mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu olemedwa mtima atakhala nawo pa benchi. Namwino anamuuza kuti asiye kudziyesa, chifukwa kuyesako ndi kumene kumadyetsa manthawo, ndipo abwerenso msanga akaona kufooka kwenikweni.

Kusiya kunali kovuta kuposa momwe ankaganizira. Sabata yoyamba anabisa chingwe chija kudenga, n'kukachitsitsa kawiri. Anagawana usiku wa ku balani ndi mnzake, anachepetsa tiyi, ndipo madzulo anayambiranso kukhala pa bawo m'malo mokhala yekha m'nyumba. Atafotokoza kumeneko, anzake awiri anati nawonso zimawachitikira nyengo yowotcha ikafika. Mmodzi anakwinya buluku kuti aonetse.

Katumbayo sanasiyiretu. Amadumphabe masiku ena, makamaka bamboyu akayenda mtunda wautali. Magolovesi anagula ku Karoi atalandira ndalama za ganyu wosankha fodya, ndipo chingwe chija mkazi wake anamangira nkhuni.